Mutu 9: Phungu wa pa Geni: Amayi a ku Chilwa ndi Mabungwe Awo

Msewu wochoka mu mzinda wa Zomba kulowera kum'mawa umatsika pang'onopang'ono, kusiya phiri kumbuyo, kudutsa minda ya chimanga ndi madimba a mpunga, mpaka kukathera m'madzi pa doko la Kachulu. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Mukafika dzuwa lisanatuluke mupeza kuti ena analawira kale. Amayi ali chilili m'mphepete mwa madzi, mabeseni m'manja, ndalama zili pa mfundo ya chitenje, maso ali kumene mabwato akutulukira m'njedza. Bwato likangogunda matope, za moni zimayamba zadikira. Aliyense akufuna agwireko matemba asanathe, ndipo mtengo umapangidwa pomwepo, miyendo ili m'madzi.

Kuponya khoka ndi kutchera mono ndi ntchito ya abambo, ndipo ambiri a iwo amatha masabata ali pakati pa nyanja m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowela. Nsomba ikafika kumtunda, manja ambiri amene amailandira ndi a amayi. Iwo ndiwo amayanika matemba, kuwamba milamba ndi makumba, kulongedza m'madengu ndi m'matumba, n'kukagulitsa ku Jali, ku Zomba, ena mpaka ku Limbe. Mayi wotere sadzitchula wabizinesi. Mukamufunsa amangoti, "Ndimapanga kageni." Koma kageni kameneko ndi kamene kamalipira fizi, kugula feteleza ndi kufolera nyumba.

Mutu uno ukukamba za mayi ameneyu ndi mabungwe amene amati akufuna kumukweza: amamupatsa chiyani, amamuphunzitsa bwanji, ndipo ndalama zoyendetsera zonsezo amazitenga kuti.

Nyanja imene imapita n'kubwera

Tiyambe ndi nyanjayo, chifukwa amene saidziwa sangamvetse geni ya pano. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi ake mmenemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulutsa. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi nyanja yosaya, moti m'malo ambiri wopalasa amangokankha bwato ndi nsungwi yogunda pansi. Ndiyonso dambo loyamba m'dziko muno kulowa m'kaundula wa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo ofunika pa dziko lonse, chifukwa cha mbalame za m'madzi zimene zimasonkhana kumeneko.

Chaka chabwino, Chilwa imapereka nsomba zochuluka modabwitsa, kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Koma mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imabwerera m'mbuyo. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato a pa Kachulu anangoti mbwee pa matope ong'aluka, madzi ali kutali. Kenako mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa madzi osefukira amene anamiza minda ndi nyumba za m'mphepete. Onjezanipo nyengo imene boma limatseka nyanja chaka chilichonse, kuyambira Disembala, kuti nsomba ziswane.

Ndiye taganizirani munthu amene sitolo yake yoodako katundu imatsekedwa miyezi ingapo chaka chilichonse, ndipo nthawi zina imasowa chaka chathunthu. Umu ndi mmene mayi wa pa Kachulu amachitira malonda.

Mmene mpamba umadyekera

Anthu a m'maofesi amakonda kunena kuti vuto la amayi akumudzi ndi kusowa mpamba. N'zoona, koma mawu amene amamveka kwambiri pa doko si akuti "ndilibe mpamba". Amene amamveka ndi akuti "mpamba unadyeka". Mpamba unalipo, unapita. Funso labwino ndi lakuti unapita bwanji.

Tiyerekeze mayi amene wagula mabeseni anayi a matemba m'mawa. Wawayala pansi pa ukonde wakale kapena pa thandala la bango. Dzuwa likawala bwino, mawa lake ali ndi katundu. Koma kukachita mitambo, kapena mvula ikawaza masana, matemba amafewa, amayamba kafungo, ntchentche zimaikira mazira. Pamene ayanikidwa pansi amatola mchenga, ndipo wogula wa m'tauni akalumako kamodzi n'kumva kuti gegede m'mano, mtengo wagwa. Mayi uja agulitsa motaya kuti angopezako ya thiransipoti. Apo theka la mpamba lapita popanda wakuba.

Theka linalo limapita kunyumba. Mwana wadwala malungo. Kwachitika maliro kwa malume, ndipo sangapite manja lende. Bambo a kunyumba apempha "kangachepe" koti akonzere njinga, adzabweza nsomba zikayamba kugwidwa. Kuno ambiri ndi a chikamwini, munda ndi mudzi n'za kuchikazi, ndipo wina angaganize kuti ndiye kuti mayi ali ndi mphamvu pa ndalama zake. Munda ungakhale wake, inde, koma ndalama ya m'manja ilibe mwini ikalowa m'nyumba momwe muli njala. Ndipo mayi amene akuoneka kuti geni ikumuyendera ndi amene abale onse amamudziwa njira.

Izi si za ku Chilwa kokha. Ku Sri Lanka akatswiri a zachuma, Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff, anapereka mpamba waulere kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono n'kumawatsatira. Phindu la abambo linakwera, la amayi silinasunthe kwenikweni. Ena anathamangira kunena kuti amayi sadziwa malonda. Patapita zaka, ofufuza ena anaunikanso bwino nkhani zotere za ku Sri Lanka, India ndi Ghana, n'kupeza kuti m'nyumba zimene bambo nayenso anali ndi bizinesi, ndalama ya mayi nthawi zambiri inkathera mu bizinesi ya bamboyo. Mayi aliyense wa pa Kachulu akanawauza zimenezi kwaulere.

Mpamba ukadyeka, njira zotsala n'zowawa. Pali katapila, amene chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ngongole kapena kuposa pa mwezi umodzi. Palinso chinthu china chimene anthu amachikamba monong'ona m'madoko a nyanja zathu zonse: nsomba zikachepa ndipo ogula achuluka, asodzi ena amafuna thupi la mayi kuti amugulitse nsomba kapena amupatse pa ngongole. Amene amati mpamba wa amayi ndi nkhani ya chuma chokha sanaime pa doko nthawi ya chilala.

Bungwe limene linayambitsidwa ndi mwana wa ku Zomba

Maganizo oti amayi a malonda akhale ndi bungwe lawolawo ali ndi mizu m'boma lomweli la Zomba. Joyce Banda anabadwira kwa Malemia ku Zomba mu 1950. Asanalowe ndale anali mayi wa bizinesi, wosoka zovala ndi kuphika buledi. Mu 1990 anakhazikitsa National Association of Business Women, mwachidule NABW, bungwe la amayi ochita malonda m'dziko lonse.

Kuti timvetse kulimba mtima kwake tikumbukire nyengoyo. Linali boma la chipani chimodzi la Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo nkhani za amayi zinkayendera ku chipani ndi ku Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, CCAM, chimene ankatsogolera Mama Cecilia Kadzamira. Mabungwe othandiza amalonda ang'onoang'ono analipo kale, monga DEMATT yolangiza ndi SEDOM yobwereketsa, koma mayi wa kumudzi wosadziwa Chingerezi, wopanda chikole, ankaona zitseko zake ngati za anthu ena. NABW inabwera ndi zinthu zitatu pamodzi: maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi, njira yofikira ku ngongole, ndi pakamwa polankhulira amayi kwa akuluakulu a boma ndi a mabanki. Mu 1997 Joyce Banda analandira mphotho ya Africa Prize for Leadership for the Sustainable End of Hunger pamodzi ndi Joaquim Chissano wa ku Mozambique. Pambuyo pake anakhala phungu wa Zomba Malosa, nduna, wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2014 anali mtsogoleri wa dziko lino. Za ndale zake anthu amagawanikana, ndipo si nkhani ya buku lino. Koma mfundo yoti mayi wogulitsa mandasi ndi wamalonda woyenera kukhala ndi bungwe, anaibzala ndi iyeyo.

Kuchokera nthawi imeneyo mabungwe obwereketsa achuluka. FINCA inafika mu 1994. Boma linatsegula thumba la MARDEF mu 2005, limene pambuyo pake linasanduka MEDF, kenako mu 2020 NEEF. Dzina limasintha boma likasintha, koma dandaulo la anthu limakhala lomwelo: ngongole za boma zimanunkha ndale, ndipo ambiri amazitenga ngati mphatso ya chisankho.

Chimene chazika mizu kwenikweni kumudzi ndi banki m'khonde. Njirayi inayambira ku Niger mu 1991 kudzera m'bungwe la CARE, ndipo lero kulibe mudzi wa m'mphepete mwa Chilwa umene mungatchule mawuwa anthu n'kudabwa. Amayi khumi ndi asanu kapena makumi awiri amakumana sabata iliyonse, amagula masheya, amabwereketsana, amalipiritsana chindapusa wina akachedwa, ndipo kumapeto kwa chaka amagawana. Ndi mwana wa chipereganyu chathu chakale, kungoti waphunzira kulemba m'kope. Ubwino wake ndi woti ndalama ndi yawo, chiwongoladzanja chimabwerera kwa iwo omwe, ndipo ndalama ikakhala m'bokosi la gulu, mayi akhoza kuuza mlamu wake mosanama kuti m'nyumba mulibe kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti mamembala onse amadya nyanja imodzi. Ikauma, onse amafuna kubwereka tsiku limodzi ndipo palibe wobweza. Nkhani za amayi othawa m'mudzi kapena kulandidwa ziwiya chifukwa cha ngongole ya banki m'khonde sizachilendo m'nyuzipepala zathu.

Namkungwi ndi phungu

Makolo athu anasiyanitsa anthu awiri pa chinamwali. Namkungwi amalangiza gulu lonse la anamwali, ndiye mwini mwambo. Koma namwali aliyense amakhala ndi phungu wake, mayi amene anadutsamo kale, amene amakhala naye pafupi, kumuyankhira, kumubwerezera zimene sanamve, ndi kumudzudzula pambali. Masiku ano mawu akuti phungu tinawapereka kwa a ku nyumba ya malamulo, ndipo ena mwa iwo timawaona kamodzi pa zaka zisanu, zomwe phungu wa kutsimba sakanayerekeza.

Mabungwe ambiri othandiza amayi a malonda ali ndi anamkungwi okhaokha. Amaitana amayi ku holo ya sukulu masiku atatu, mlangizi wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe amalemba pa bolodi za kusunga mabuku, kusiyanitsa mpamba ndi phindu, ndi kulemba pulani ya bizinesi. Pamakhala fanta ndi bani, pamakhala kandalama ka nkhomaliro, pamajambulidwa chithunzi, aliyense amalandira satifiketi. Lolemba lotsatira mayi uja ali yekha pa doko, bwato lafika, msodzi watchula mtengo, ndipo palibe tsamba la m'kope limene likumuuza ngati agule kapena adikire bwato lina.

Ku Dandora, dera la anthu osauka mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, ofufuza atatu, Wyatt Brooks, Kevin Donovan ndi Terence Johnson, anayesa njira ziwirizi. Anatenga amayi ongoyamba kumene malonda. Ena anawatumiza m'kalasi. Ena anawapatsa aliyense mayi mnzake wa m'dera lomwelo, wochita malonda a mtundu womwewo kwa zaka zambiri ndipo zikumuyendera. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. A m'kalasi anasinthako kalembedwe ka mabuku, koma phindu lawo silinakwere. A phungu phindu linakwera ndi pafupifupi 20 peresenti. Ndipo chimene chinakweza phindulo sichinali nzeru zakuya ayi. Anali mawu ngati akuti: usamaode kwa uje, pita kwa uje, n'kotchipa. Kafukufukuyo anapezanso kuti awiriwo akasiya kukumana, phindu lija limabwerera pomwe linali, chifukwa msika umasintha ndipo uthenga wa chaka chatha umakalamba.

Tibwere nazo kwathu. Kodi mayi amene wagulitsa nsomba zaka makumi awiri pa Kachulu amadziwa chiyani chimene mlangizi wa m'tauni sadziwa? Amadziwa kuona matemba ali m'bwato n'kuzindikira kuti agona m'madzi nthawi yaitali bwanji. Amadziwa kuti beseni lodzadza laliwisi lidzatsala lotani likauma, choncho amawerengera mtengo pa louma. Amadziwa tsiku la msika uliwonse, dalaivala amene saponda katundu, ndi wogula wa ku Limbe amene amalipira pompo osati "mubwere Lachisanu". Amadziwa mwezi woti asunge katundu kuti adzagulitse nyanja itatsekedwa mitengo itakwera, ndi mmene angatetezere nsomba zouma ku tizilombo popanda kuthira mankhwala oopsa. Koposa zonse, anaiona nyanja ikuuma, mwina kawiri kapena katatu, ndipo amadziwa kuti madzi akayamba kuthawa pa doko, mpamba uyenera kusamukira ku mpunga wa ku sikimu ya Likangala, ku nandolo kapena ku tomato usanadyeke. Amathanso kukhala pansi ndi mtsikana wongokwatiwa kumene n'kumuuza kuti, "Iwe mwanawe, ya katundu usamaionetse kunyumba. Ukafika uziika ku foni, uzionetsa ya ndiwo yokha." Uphungu umenewu simungaupeze m'buku la maphunziro, ndipo mwina bungwe lingachite manyazi kuulemba, koma wapulumutsa mipamba yambiri.

Sindikunena kuti kalasi ndi yachabe. Ku Togo, mu mzinda wa Lomé, maphunziro olimbikitsa munthu kudziyambira zinthu, kufufuza njira zatsopano ndi kusagonja msanga anakweza phindu ndi pafupifupi 30 peresenti, pamene maphunziro a masiku onse a za mabuku sanaphule kanthu kooneka. Koma ngakhale kumeneko, akamaliza kalasi mphunzitsi ankayendera wophunzira aliyense pa malo ake a malonda kwa miyezi ingapo. Namkungwi uja ankasanduka phungu.

Matenti a pa Kachulu

Chitsanzo chapafupi cha amayi ogwirira ntchito pamodzi chinaoneka pa doko lomweli. Mu 2010 kunayamba pulogalamu ya Lake Chilwa Basin Climate Change Adaptation Programme, yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo. Ankaiyendetsa ndi a LEAD a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, a WorldFish, ndi a nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM, ndi thandizo la dziko la Norway. Mwa zina, pulogalamuyi inathandiza magulu a amayi okonza nsomba, kuphatikizapo a pa Kachulu, ndi matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa komanso ng'anjo zowambira zosatha nkhuni zambiri.

Tenti yotere ndi chinthu chosavuta kuchimvetsa. Ndi kanyumba ka mitengo kokutidwa ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati, kokhala ndi mathandala a sefa okwera m'mwamba ndi mipata yolowera ndi kutulukira mpweya. Dzuwa limatenthetsa mkatimo, mpweya wotentha umakwera n'kutuluka ndi chinyontho. Mvula ikagwa nsomba sizinyowa, ntchentche sizifika, mchenga kulibe. Matemba otuluka mmenemo amakhala oyera, owala, oti mukhoza kuwaika m'paketi, kumata dzina la gulu, n'kukawaika pa shelefu ya sitolo ya m'tauni pa mtengo umene mulu wa pamsika sungafikepo. Ng'anjo yosunga moto nayo ili ndi phindu pawiri: mayi amagula nkhuni zochepa, ndipo mitengo ya m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala, kumene mitsinje yodyetsa nyanjayi imachokera, imapumako.

Mayi mmodzi payekha sangamange tenti. Gulu lingathe, ndipo apa ndi pamene ubwino wa bungwe umaonekera poyera. Koma tenti imabala mafunso amene matabwa ndi pulasitiki sizingayankhe. Nsomba zikachuluka, ayambe kuyanika ndani? Pepala likang'ambika ndi mphepo, ndalama yogulira lina ichokera m'thumba liti? Ndani akakambirane ndi mwini sitolo, amene amafuna katundu wofanana mwezi uliwonse, lisiti, ndiponso chizindikiro cha a Malawi Bureau of Standards? Sitolo ikati idzalipira pakatha masiku 30, amayi adya chiyani podikira? Nanga nyanja ikauma, tenti iumitse chiyani, masamba kapena mango? Onsewa ndi mafunso ofuna munthu woyenda ndi gululo chaka ndi chaka, wodziwa mbali ya doko ndi mbali ya tauni yomwe.

Alipire ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwa zonse zimene bungwe la amayi a malonda lingachite, uphungu ndi umene uli wotchipa kwambiri, komanso ndi umene uli wovuta kwambiri kuupezera ndalama. Wothandiza wa kunja amakonda chinthu choti achijambule ndi kuchiwerenga: matenti angati, amayi angati aphunzitsidwa, ngongole zingati zaperekedwa. Amayi awiri atakhala pa mphasa kuseri kwa thandala kukambirana za mtengo wa ku Jali sizioneka bwino mu lipoti.

Komatu phungu naye ndi wa geni. Tsiku limene wapita kukaona mnzake ndi tsiku limene sanagule nsomba. Akufunika ya kabaza, akufunika mayunitsi a foni. Ndipo tisanamizane: mukumupempha kuti aulule kwa munthu amene mawa adzaima naye pa bwato limodzi kumene iye amaoda motchipa ndi kumene amagulitsa modula. Chifundo chilipo pakati pa amayi athu, koma bungwe lomangidwa pa chifundo chokha limatha pamene mvula yoyamba yavuta. Ku Dandora kuja aphungu analandira kandalama kochepa poyamba, ndipo ambiri anapitiriza kukumana ndi anzawo ngakhale nthawi yogwirizana itatha. Kandalamako kanali kongotsegulira chitseko.

Magwero a ndalama za bungwe ndi odziwika. Pali zopereka za mamembala, zimene zimakhala zochepa koma ndi zokhazo zimene zimapatsa amayi mphamvu yofunsa atsogoleri awo kuti ndalama yayenda bwanji. Pali thandizo la mabungwe akunja, limene limabwera lambiri koma lili ndi tsiku lothera, kawirikawiri zaka zitatu kapena zisanu, pamene nyanja ya Chilwa imazungulira pa kalendala yake ya zaka khumi kapena makumi awiri. Pali kachigawo kamene gulu lingadule pa paketi iliyonse yogulitsidwa pamodzi. Ndipo pali mabanki ndi makampani a foni, amene amapindula mayi akatsegula akaunti kapena akamatumiza ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, choncho si kupempha mopanda manyazi kuwauza kuti aikepo kanthu. Kafukufuku wina wa World Bank pakati pa mabizinesi ang'onoang'ono a ku Lilongwe ndi Blantyre anapeza kuti kuthandiza munthu kulembetsa bizinesi yake ku boma pakokha sikunakweze phindu, koma pamene kulembetsako kunaphatikizidwa ndi kumufikitsa ku banki n'kutsegula akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, malonda ndi phindu zinakwera. Ndi nkhani ija ya mpamba kudyeka, yabweranso itavala jekete.

Ine ndikuona kuti thandizo la kunja liyenera kumanga zinthu zodula kamodzi, monga tenti, sikelo ndi makina omatira mapaketi, koma ya phungu izichokera pa malonda a gululo kuyambira tsiku loyamba, ngakhale ikhale yochepa bwanji. Chimene chayamba ndi alawansi ya pulojekiti chimafa ndi pulojekitiyo. Taziona kambirimbiri: galimoto yoyera ikasiya kubwera, misonkhano imasiya, kope la gulu limadyedwa ndi chiswe.

Ngongole yodziwa kalendala ya nyanja

Chotsala ndi kapangidwe ka ngongole. Njira imene mabungwe ambiri anatengera ku Grameen Bank ya Muhammad Yunus ku Bangladesh imafuna kuti wobwereka ayambe kubweza pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo azibweza pang'onopang'ono mosadumphitsa. Kwa mayi wa okala ya m'tauni, amene amagulitsa sopo ndi shuga tsiku lililonse, zimatheka. Kwa mayi wa nsomba, ngongole yotengedwa mu Novembala ndi msampha, chifukwa nyanja itsekedwa iye asanapindule, ndipo adzabweza ngongoleyo ndi ngongole ina. Amayi ena amafika posunga gawo la ndalama imene abwereka kuti ayambire kubweza, ndiye kuti akulipira chiwongoladzanja pa ndalama imene sinagwire ntchito.

Ku Kolkata m'dziko la India anayesa kupatsa amayi miyezi iwiri yopuma asanayambe kubweza. Amayiwo anaika ndalama zambiri mu bizinesi ndipo patapita zaka phindu lawo linali lokwera kuposa la anzawo, ngakhale olephera kubweza nawonso anachulukirapo. Wobwereketsa payekha amaopa chiopsezo chimenecho. Bungwe la amayi limene likudziwa mamembala ake, limene lili ndi aphungu oona mmene geni ya aliyense ikuyendera, ndi limene lingaime pakati n'kuuza banki kuti: perekani ngongole nyanja ikamatsegulidwa, musatolere miyezi yotseka, ndipo chaka chimene madzi athawa pa Kachulu tikambiranenso. Lingakumbutsenso wobwereketsa kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mpamba umene unkagula mabeseni anayi sukugulanso anayi, ndipo ngongole ya mlingo wakale ndi yongosangalatsa m'maso.

Inu amene mumalemba bajeti za mabungwe a amayi, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena pansi pa mtengo wa mango kwa Mwambo, mukamaliza mzere wa holo, wa fanta ndi wa masatifiketi, onjezani mzere wina: ya kabaza ndi mayunitsi a mayi wamkulu wa pa doko, kawiri pa mwezi, kwa zaka zosachepera ziwiri. Mukatero mupite pa Kachulu m'mawa mukamufunse ngati angavomere.